Mawu akuti goodbye: Mulungu anasowera pati m'mawuwa?

Nambewe: Anzanga, pali uthenga ukuzungulira pa WhatsApp woti goodbye anabadwa mwangozi. Akuti munthu wina analemba kalata mofupikitsa kuti "God b w ye", wolandira kalatayo n'kuwerenga molakwa, basi mawu atsopano n'kubadwa. Theka la nkhaniyi n'loona, goodbye anachokeradi ku God be with ye, ndiye kuti Mulungu akhale nanu. Koma za kuwerenga molakwazo ine ndikuzikana. Tiyeni tiyale umboni pano.

aGondwe: Mwakana bwino mayi. Mawuwa anaphwanyikira m'kamwa, osati papepala. M'zaka za m'ma 1500 Angelezi ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye kalata imodzi sikanasintha malankhulidwe a dziko lonse. Tawerengani maphatikizo: God, be, with, ye, alipo anayi. Polankhula amene amamveka mwamphamvu ndi loyamba ndi lachitatu. Loyamba kufooka linali be, vawelo yake inagwa n'kutsala b yokha. Kenako th wa mu with anagwa, ndipo izi sizachilendo, ku Scotland mpaka lero amati wi' m'malo mwa with. Apa tafika pa God b'wi'ye. Ndiye wi ndi ye anaphatikizana kukhala phatikizo limodzi, w nayenso n'kutha, kutsala bye. Anayi aja asanduka awiri. Ndipo sitikungoganizira, masitepe onsewa akupezeka m'zolemba zakale: God be wy you, God b'w'y, godbwye, God b'uy, God buy.

Nambewe: Ndi momwenso ife timachitira. Ndi ine anasanduka ndine, ndi iwe anasanduka ndiwe. Palibe amene anawerenga molakwa kalata kuti ndine abadwe.

Mphunzitsi Banda: Umboni wakale umene mabuku otanthauzira mawu amakonda kutchula ndi wa Gabriel Harvey, katswiri wa maphunziro wa ku Cambridge, bwenzi la mlakatuli Edmund Spenser. M'kalata ina ya m'zaka za m'ma 1570 iye anaseka mnzake kuti pobweza galoni ya godbwyes imene walandira, akumutumizira pottle ya howdyes. Galoni ya nthawiyo inali pafupifupi malita anayi kapena kupitirirako pang'ono, malinga n'kuti ukuyeza vinyo kapena mowa, ndipo pottle ndi theka la galoni. Ndiye nthabwala yake ili apo, walandira chidebe chodzaza, akubweza theka. Koma chimene chili chofunika kwa ife ndi s wakumapetoyo. Harvey anawaika mawuwa m'chochuluka ngati dzina wamba, chinthu choti ungachiyeze ndi muyezo. Munthu sangaseweretse mawu choncho ngati owerenga ake sakuwadziwa kale. Choncho kalatayo si tsiku limene mawuwa anabadwa, ndi tsiku limene tinawagwira ali akuluakulu kale.

Tembo wa ku Chipata: Howdyes ameneyo ndi how do ye, kholo la howdy wa makaubhoyi a ku Texas. M'chiganizo chimodzi muli moni ndi kutsanzikana, zonse zophwanyika mofanana.

Nankhoma: Aphunzitsi, tafotokozani za be. Ophunzira ambiri amafunsa chifukwa chake si God is with you.

Mphunzitsi Banda: Chifukwa si kunena zimene zilipo, ndi kufunira munthu zabwino. M'Chichewa kusiyanaku kumaoneka poyera: Mulungu ali nanu ndi chiganizo chofotokoza, Mulungu akhale nanu ndi dalitso, ndipo e wakumapeto kwa akhale ndi amene wanyamula ntchito imeneyo. Chingerezi chimachita zimenezi posiya mneni ali wosavala kanthu. N'chifukwa chake amati God save the King osati saves, God bless you osati blesses. Wophunzira akalemba God blesses you pamapeto pa kalata, wasintha dalitso kukhala lipoti.

Nankhoma: Nanga ye? Ena amati ndi the wakale, ngati pa zikwangwani za Ye Olde.

Mphunzitsi Banda: Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ye wa pa zikwangwaniyo ndi the ndithu, chifukwa chilembo chakale chotchedwa thorn, chimene chinkaimira th, chinayamba kufanana ndi y pochilemba, ndipo osindikiza mabuku ankangoika y. Ye wa mu goodbye ndi mlowam'malo, inu. Poyamba ye anali wa mwininkhani ndipo you anali wa pamtherankhani, moti mwagalamala yakale zikanayenera kukhala with you. Koma pofika nthawi ya Harvey awiriwa anali atasokonezeka, ndipo ye ankagwiranso ntchito ngati you wotchulidwa mofooka, monga ya wa mu see ya lero.

Chisale wa ku Joni: Chabwino, bye tamumva. Funso lenileni ndi loyambalo. God anasanduka bwanji good? Ine ndimaona kuti ndi lamulo la 1606 lija. Mu ulamuliro wa mfumu James I nyumba ya malamulo inakhazikitsa Act to Restrain Abuses of Players, loletsa ochita masewero kutchula mwanthabwala kapena mwachipongwe dzina la Mulungu, la Yesu Khristu, la Mzimu Woyera kapena la Utatu. Chindapusa chinali mapaundi 10 pa kulakwa kulikonse, theka kwa mfumu, theka kwa wokasumayo. Mmisiri womanga nyumba kummwera kwa England ankalandira pafupifupi sheleni imodzi patsiku, ndipo paundi inali masheleni 20. Ndiye mawu amodzi akanadya malipiro a masiku 200. Ndani sangasinthe God kukhala good pamenepo?

aGondwe: Lamulolo mwalifotokoza molondola achimwene, koma mwalisenzetsa katundu amene si wake. Linkakhudza masewero ndi zionetsero zokha, osati msika kapena nyumba za anthu. Linkaletsa kulumbira ndi chipongwe, pomwe God be with you ndi dalitso, palibe woweruza akanalipiritsa munthu chifukwa cha limenelo. Ndipo umboni wonse ulipo m'buku limodzi. M'buku lalikulu la masewero a Shakespeare la 1623, lotchedwa First Folio, sewero la Othello analichotsa malumbiro ambiri amene ali m'kope la 1622, monga zounds ndi 'sblood, amene ndi chidule cha mabala a Mulungu ndi magazi a Mulungu. Koma m'buku lomwelo God buy you akadalimo m'masewero ena, patapita zaka 17 lamulo lija litakhazikitsidwa. Akonzi amene ankafufuta malumbiro sanaone vuto ndi mawu otsanzikiranawa.

Chisale wa ku Joni: Nanga gosh, golly, egad? Onsewo si kuthawa dzina la Mulungu?

aGondwe: Amenewo inde, ndi kuzemba dala. Koma taonani kuzembako momwe kumachitikira, munthu amapotoza mawu kuti asamveke ngati mawu alionse, gosh alibe tanthauzo lina. Good ndi mawu enieni, ndipo anabwera chifukwa cha anansi ake. Angelezi anali kale ndi good day, good morrow, good even, good night, onse onenedwa pakhomo pokumana kapena posiyana. Pamene bye anasiya kumveka ngati be with ye, God wakutsogoloyo anatsala ali yekhayekha opanda mneni womugwirizira. Khutu linangomukokera m'gulu la anansi aja. Kusinthaku sikunachitike tsiku limodzi. Mitundu yokhala ndi good ikuyamba kuoneka m'zaka za m'ma 1600, kwa nthawi ndithu mitundu iwiriyi inkayendera limodzi, ndipo m'zaka za m'ma 1700 good ndi amene anapambana.

Nambewe: Ndipo God buy you amene mwamutchulayo ndi umboni wabwino kuposa wonse woti anthu anali ataiwala zimene zili mkati mwa mawuwa. Mu buy muli kale be, with ndi ye. Kuwonjezera you kumapeto ndi kunena inu kawiri, ngati munthu atati akhale nanu inu osadziwa kuti inu ali kale mu nanu. Amene amawerenga God buy you n'kumati ndi Mulungu akuguleni, kapena akuomboleni, akunamizidwa ndi kalembedwe.

Tembo wa ku Chipata: Tisaiwale kuti good day ndi good night nawonso ankayenda ndi Mulungu. Anthu ankati God give you good day, God give you good even, ndipo m'masewero a nthawiyo mumapezeka zidule ngati God ye good den ndi godden. Ndiye God ndi good ankakhala moyandikana m'mawu a moni, kusokonezeka kwake kunali kosavuta.

Nankhoma: Pali ena amati palibe chinasintha chifukwa God ndi good ndi mawu amodzi kuchokera kale, Mulungu ndi wabwino basi.

Mphunzitsi Banda: Pa guwa zimamveka bwino, koma pa mbiri ya mawu si zoona. M'Chingerezi chakale, cha nthawi ya mfumu Alfred, mawu onsewa ankalembedwa god, koma wina anali ndi o wamfupi, ndiye Mulungu, wina o wautali, ndiye wabwino. Mizu yake ndi yosiyana, ndipo zilankhulo zachibale zikusonyeza: Chijeremani chili ndi Gott ndi gut, Chidatchi chili ndi God ndi goed. O wautali uja pambuyo pake anakwera n'kukhala u wautali pa kusintha kwakukulu kwa mavawelo kumene kunayamba cha m'ma 1400, kenako anafupika kukhala momwe tikutchulira good lero. Chosangalatsa n'choti kusokoneza mawu awiriwa kunachitikaponso mobwerera. Gospel poyamba anali god spel wa o wautali, nkhani yabwino, kumasulira liwu ndi liwu kwa evangelium wa Chilatini, monga ife timanenera kuti Uthenga Wabwino. Vawelo itafupika anthu anayamba kumva ngati nkhani ya Mulungu, ndipo anthu a ku Iceland anawatengera m'tanthauzo limenelo, guðspjall, pamene guð ndi Mulungu. Ndiye mu gospel wabwino anasanduka Mulungu, mu goodbye Mulungu anasanduka wabwino.

Nambewe: Gossip nayenso. Godsibb anali m'bale mwa Mulungu, mboni ya pa ubatizo wa mwana. Kuchoka apo anakhala mnzako wocheza naye, kenako miseche yeniyeniyo.

Zimba wa ku Tete: Achimwene ndi alongo, Angelezi sali okha pa zimenezi. Chipwitikizi chimene chimalankhulidwa kuno chili ndi adeus, ndiye kuti a Deus, kwa Mulungu, chidule cha ndikukuperekani kwa Mulungu. Chifalansa adieu, Chisipanishi adiós, Chitaliyana addio, zonse ndi zomwezo. Kusiyana kwake n'koti Mpwitikizi akamati adeus, Deus akumumva ndithu, sanabisike. Ndipo adeus ndi wolemera, amamveka ngati simudzaonananso msanga. Pa msika mumva tchau kapena até logo. Tchau ameneyo ndi ciao wa Chitaliyana, ndipo chiyambi chake chilibe Mulungu m'kati, ndi mawu a ku Venice otanthauza kuti ndine kapolo wanu.

aGondwe: Adieu analowa m'Chingerezi kale kuposa goodbye, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, nthawi ya mlakatuli Chaucer. Ku Germany ndiye anaphwanyika moti simungamuzindikire. Anadutsa m'malankhulidwe a kumpoto monga adjüs ndi atschüs mpaka kukhala tschüss wa lero. Njira yake ndi yomweyi ya goodbye, dalitso lalitali, kulinena kambirimbiri patsiku, Mulungu n'kusungunukamo. Chirasha spasibo, zikomo wawo, ndi spasi Bog, Mulungu akupulumutseni, g wakumapeto anagwa.

Che Jafali: Ku Iran, Pakistan ndi Bangladesh kuli khuda hafiz, Mulungu akhale mtetezi wanu. Kumeneko zinayenda mosiyana ndi ku England. M'malo moti dzinalo lisungunuke, anthu ankalimva kwambiri moti ku Pakistan kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ambiri anayamba kunena Allah hafiz, chifukwa khuda ndi liwu la Chiperisiya. M'Chiarabu muli fi amanillah, m'chitetezo cha Mulungu, komanso ma'a salama, pitani ndi mtendere. Kwaheri wa Chiswahili ndi kwa heri, ndipo heri akuchokera ku khayr wa Chiarabu, ubwino.

Nankhoma: Ine chimandisangalatsa ndi farewell, chifukwa ndi yendani bwino weniweni. Fare ndi mneni wakale faran, kuyenda ulendo, m'bale wake wa fahren wa Chijeremani. Ndi fare yemweyo amene kondakitala amakulipiritsani mu minibasi, mtengo wa ulendo. Poyamba farewell ankauzidwa amene akunyamuka. Chingerezi sichinasunge mnzake wa wotsalayo, pamene ife tili ndi awiri, pitani bwino ndi tsalani bwino, ndipo ukasinthanitsa anthu amaseka.

Chisale wa ku Joni: Chizulu chimatero, hamba kahle ndi sala kahle. Chisutu tsamaya hantle ndi sala hantle. Chingerezi cha ku South Africa chinatengera mawuwa n'kukhala ndi go well ndi stay well. Koma chenjerani ndi so long. Ku America ndi kutsanzikana, ndipo mlakatuli Walt Whitman anali atawaika kale pa mutu wa ndakatulo mu 1860. Ku South Africa so long amatanthauza pakadali pano, kuchokera ku solank wa Chiafrikaans. Munthu wa mu ofesi akakuuzani kuti sit down so long sakukuthamangitsani, akuti bakhalani pansi.

Mphunzitsi Banda: Bakhalani, ba- wathu uja, ndendende.

Tembo wa ku Chipata: Tibwerere ku God be with you. Gwero lake la m'tchalitchi likuoneka. Pa Rute 2:4 Boazi akulonjera okolola ake kuti Yehova akhale nanu. M'Misa ya Chilatini wansembe ankati Dominus vobiscum, ndipo buku la mapemphero la Chingerezi la 1549, la nthawi ya Arkibishopu Thomas Cranmer, linaika The Lord be with you m'makutu a anthu Lamulungu lililonse. Ndi Ambuye akhale nanu amene timamva m'Misa ya Chichewa. Sindikunena kuti goodbye anakopedwa m'buku la mapemphero, chifukwa limati Lord osati God, koma kaumbidwe ka dalitsolo anthu anakazolowera kuchokera kumeneko. Mu 1880 m'busa Jeremiah Rankin wa ku Washington analemba nyimbo ya God Be with You Till We Meet Again, ndipo iye mwini anafotokoza kuti anaipeka dala potsatira chiyambi cha mawu akuti goodbye. Ndiye kuti pofika nthawi yake tanthauzolo linali loti ulifufuze, silinkamvekanso palokha.

Nambewe: Kwa amene akufuna kudzionera okha, pali misampha. Woyamba ndi mabuku a Shakespeare a kusukulu. Akonzi amasiku ano amasintha God buy you kukhala God be wi' you kapena God b' wi' you kuti ophunzira amve, ndiye mukafufuza m'menemo simupeza kalembedwe koyambirira. Mufunika zithunzi za masamba a 1623 kapena kope losasintha kalembedwe. Wachiwiri ndi Google Ngram, chida cha pa intaneti chimene chimajambula mzere wosonyeza kuchuluka kwa mawu m'mabuku chaka ndi chaka. Mukalembamo goodbye mzere umaoneka ngati wayamba posachedwa, koma chifukwa chake n'choti m'zaka za m'ma 1800 ankalemba good-bye kapena good-by ndi kamzere pakati, kapena mawu awiri osiyana. Lembani mitundu yonse, iliyonse payokha. Komanso mabuku a zaka za 1800 zisanafike ndi ochepa m'menemo, buku limodzi likhoza kukweza mzere ngati phiri. Za m'ma 1500 ndi 1600 pitani pa intaneti ku Early English Books Online, kumene kuli mabuku osindikizidwa kuyambira 1473 mpaka 1700. Pofufuza kumbukirani kuti osindikiza ena ankaika vv m'malo mwa w, kuti y, i ndi ie zinkasinthanasinthana, ndiponso kuti kachizindikiro kosonyeza chilembo chosiyidwa kankaikidwa paliponse. Yesani god buy, god bwy, god b'w'y, good b'wy.

aGondwe: Ndiwonjezere msampha wachitatu. Chaka chimene mtanthauziramawu ngati Oxford English Dictionary amaika ndi cha umboni wakale umene wapezeka pa nthawiyo. Wina akapeza kalata yakale kuposa pamenepo chakacho chimasunthidwa. N'chifukwa chake mabuku awiri abwinobwino akhoza kusiyana ndi zaka zingapo pa kalata ya Harvey yomweyo.

Nankhoma: Nanga bye-bye, amene anatipatsa bayibayi ndi kubayibitsa?

Mphunzitsi Banda: Ameneyo ali ndi mitsinje iwiri. M'zaka za m'ma 1600 bye-bye anali kamvekedwe kogonetsera mwana, ngati lululu wathu, ndipo ku Britain mpaka lero kholo limauza mwana kuti go to bye-byes, kagone. Bye wodulidwa ku goodbye anadzakumana naye m'zaka za m'ma 1700, n'chifukwa chake bye-bye amamveka wachibwana. Kwa mwana kapena mnzako pafoni ali bwino, kwa bwana pa msonkhano ayi. Ndipo taonani zimene zatsala tikamati bayi: God anapita, good anapita, tatsala ndi b wa be ndi kachidutswa ka with ye. Chichewa n'kutenga kachidutswako n'kukaveka -its-, kubayibitsa, mwana n'kumagwedeza kadzanja pakhomo.

Chisale wa ku Joni: Pa kagwiritsidwe kake pali zolakwika zimene zimabwerabwera. Good night si moni, ndi kutsanzikana kokha. Mukafika pamalo 9 koloko usiku mumati good evening, pochoka ndiye good night. Good day ku Australia ndi moni wachikondi, g'day, koma ku Britain kunena good day pochoka kumamveka kwachikale, ndipo nthawi zina ngati mwakwiya ndipo mwatseka nkhani. Goodbye wathunthu nayenso pakati pa anzako amamveka wouma, anthu amangoti bye, see you, take care, kapena cheers ku Britain ndi kuno.

Zimba wa ku Tete: Ndi momwe zilili ndi adeus ndanena uja.

aGondwe: Katchulidwe: mphamvu ili pa bye, osati pa good. Polankhula mwachangu d amamezedwa ndi b, kumamveka ngati gubbai. Kuphwanyika kumene kunayamba nthawi ya Harvey sikunaime.

Nankhoma: Funso lomaliza la kalembedwe. Pa mayeso wophunzira alembe uti?

Mphunzitsi Banda: Goodbye, liwu limodzi, lopanda kamzere, e kumapeto. Good-bye si wolakwika koma ndi wachikale, goodby wopanda e amapezeka m'mabuku ena a ku America. Chochuluka chake ndi goodbyes, s yekha, opanda kachizindikiro pakati, monga analembera Harvey.